Ndinaba Dzina la a Makwinja pa Wailesi

Abale, moni nonse m'dzina la Ambuye. Khalani pansi. Ine si munthu wa mawu ambiri, amene mumandidziwa mukudziwa. Abusa anandipempha kalekale kuti ndidzaime kutsogolo kuno pa msonkhano wa abambo, ine n'kumakana. Lero ndavomera chifukwa Lamlungu lapitali ndinaona wailesi m'galimoto ya mmodzi wa inu panja apo. Sindim'tchula, akudzidziwa yekha. Ndinasuzumira pawindo, ndinaiyang'ana bwino. Ndi mtundu womwewo umene unandigwetsa ine.

Dzina langa ndine Yotamu. Kwathu ndi ku Balaka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndinayendetsa malole ku Limbe mpaka tsitsi linayamba kuyera. Kuno ndinabwera motsatira akazi anga, mayi a Tadala, amene ndi namwino pachipatala chachikulu cha kuno ku Edmonton, mu London muno. Iwo anabwera ndi satifiketi. Ine ndinabwera ndi manja awa basi.

Sindinagwe ndi mowa. Sindinagwe ndi akazi. Ndinaba dzina la munthu, ndipo munthuyo anatsala pang'ono kutaya chinthu chimodzi chimene chinam'tsalira m'dziko muno. Ndi a Makwinja, amene amakhala pa benchi yachiwiri ndi ndodo yawo. Ndinawafunsa ngati ndinganene nkhaniyi. Anati, "Nena yonse. Usadumphe pamene pakukuwawa."

Achinyamata simukuwadziwa bwino a Makwinja. Anathawa kwathu nthawi ya chipani chimodzi. Ankagwira ntchito ya mafoni ku positi ofesi. Mnzawo wa kuntchito anakawanenera kwa apolisi, iwo n'kuthawa ndi malaya a pathupi okha. Apolisi atawasowa anatenga mng'ono wawo. Mng'onoyo sanabwererenso. A Makwinja sanapondenso kwathu mpaka lero. Mayi a kunyumba kwawo anamwalirira konkuno, mwana wawo Grace anakwatiwa ku Croydon, kum'mwera kwa mzinda uno. M'nyumba anatsala okha ndi wailesi.

Si wailesi yomvera nyimbo. Ndi yoyankhulana ndi anthu. Azungu amati ya amachuwa, kutanthauza anthu amene amachita zimenezi pongozikonda, osati ngati ntchito. Umalemba mayeso, boma limakupatsa laisensi ndi dzina lako la pa wailesi, zilembo ndi nambala, lotchedwa kolosaini. Padziko lonse palibe wina wokhala ndi dzina limenelo. La a Makwinja sinditchula pano. Ndinalitchula kale kokwanira.

Laisensi yawo anaiika m'galasi, anaipachika pakhoma pamwamba pa tebulo. Anandiuza tsiku lina kuti, "Pasipoti anandilanda kwathu. Ili ndi pepala loyamba limene boma lililonse linandipatsa mondikhulupirira." Madzulo ankakhala pamenepo kuyankhula ndi anthu a ku Brazil, a ku Norway, nthawi zina a kum'mwera kwa Africa. Akagwira mawu a munthu wa kufupi ndi kwathu, tsiku limenelo ankadya bwino.

Maondo awo atayamba kuvuta, ndine ndinkakwera padenga. Eriyo yaikulu ya wailesi yawo ndinamanga ndine pa chumuni. Tikamaliza ankandiphikira tiyi n'kumandionetsa makina. Anandionetsanso kawailesi kena kakang'ono koyankhulira ndi anthu a mu London momuno. Kameneko kamadzera pa chinthu chotchedwa ripita, makina amene ali pamwamba pa nyumba ina yaitali. Amalandira mawu ako n'kuwaponya kutali, dera lonse la kumpoto kwa mzinda. Anamanga ndi a kalabu ya amachuwa, ndi ndalama za m'matumba mwawo.

Tsiku lomwelo anandiuza lamulo. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Anati, "Pano sugulitsa kanthu. Sutuma munthu ntchito. Ngakhale kulengeza kuti ndikugulitsa njinga, ayi. Za bizinesi zili ndi laisensi yake ndi malo ake. Ndipo wopanda kolosaini sakhudza batani ili." Ine ndinati, "Ndamva, bambo."

Nthawi imeneyo ndinali ndi vani. Ndinkanyamula amayi athu ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, ku Enfield, ku Tottenham, kwina konseko. Shifiti ya m'mawa, mabasi awiri, nyengo yozizira, amayi ankakonda vani ya Yotamu. Mapepala a galimoto anali bwinobwino, pamenepo panalibe mlandu. Ntchito inakula. Ndinatenga Mulenga, mnzanga wa ku Lusaka, ndi galimoto yake. Kenako wina. Vuto linali kuyankhulana. Mayunitsi a foni ankatha ngati madzi. Ndiye kumapeto kwa 2003 kunabwera lamulo loletsa kugwira foni uku ukuyendetsa. Wina anandiuza kuti wailesi yoyankhulirana sanailetse. Mutu wanga unathamangira pa tebulo la a Makwinja.

Mawailesi ndinagula pa msika uja wa zinthu zakale, umene anthu amagulitsira m'mabuti a magalimoto. Wogulitsa sanafunse laisensi, ine sindinam'kumbutse. Manambala otsegulira ripita ndinaonera pa kawailesi ka a Makwinja iwo ali kukhitchini kundiphikira tiyi. Chinatsala ndi kolosaini, chifukwa ukayankhula wopanda dzina eni ake amakufunsa nthawi yomweyo.

Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Timabwerekana. Adiresi timabwerekana. Akaunti ya kubanki timabwerekana. Ena mwagwirapo shifiti pa dzina la msuweni wanu, mpaka akakuitanani kuntchito mumaiwala kuyankha. Musayang'ane pansi, sindikufunsani. Ine ndinaona kolosaini ngati zomwezo. Ndinati ndikubwereka. Koma wobwereka amapempha. Ine sindinapemphe, chifukwa yankho ndinkalidziwa.

M'mawa uliwonse ndinkatsegula wailesi, kutchula dzina la a Makwinja m'Chingerezi, kenako Chichewa chokhachokha. "Mulenga, amayi awiri pa Fore Street, fulumira." "Wa ku Enfield wasintha shifiti, usapite." Ndinkadziona wochenjera. Ndinkati mzungu adzamva chiyani, adzangoti Afirika awa akucheza. Sindinaganize kuti mayina a misewu ndi a Chingerezi. Mwana wamng'ono akanadziwa kuti iyi ndi takisi.

Mayi a Tadala anafunsa kamodzi. "Bambo a Tadala, zimenezi n'zololedwa?"

Ndinati, "Za odwala anu ndimakufunsani ine?" Sanafunsenso.

Azungu a pa ripita anayamba kudandaula. Wina analowa pakati tikuyankhula, anati, "Bwana, mwini dzina limenelo ndimam'dziwa, inu si iye. Ndipo ano si malo a takisi." Ine ndinangopitiriza. Wina anatipempha mwaulemu kuti tisiye. Wina anatukwana. Ife tinkaseka. Masiku ena tinkadzaza ripita m'mawa wonse, eni ake osapeza mpata.

Tsiku lina Mulenga anafunsa pa wailesi pomwepo, ndi Chinyanja chake chija. "Ba Yotamu, iyi namba yamene mumakamba ni ya ndani kansi? Sitizagwiliwa?"

Ndinena zimene ndinayankha. Ndinalonjeza kusadumpha. Ndinati, "Ndi ya nkhalamba ina ya kutchalitchi. Makutu anagontha kale, ikungodikira bokosi. Usade nkhawa."

Mulenga anaseka. Inenso ndinaseka.

Loweruka lililonse ndinkapitabe kwa a Makwinja, kukonza ichi ndi icho, kumwa tiyi wawo. Loweruka lina anakhala pansi, anagwira kawailesi kakang'ono kaja. Anati, "Yotamu, masiku ano tulo tandithawa. Ndimadzuka m'mamawa. Ndimatsegula aka n'kumamvera." Anandiyang'ana. Sanaonjezere kanthu. Anandipatsa mpata wonse umene munthu angapatse mnzake.

Ine ndinati, "Shuga ali kuti, bambo?"

Mu London monse munali munthu mmodzi yekha pa ripita ija amene ankamva Chichewa. Ndi amene ndinam'bera dzina. Mtima unandiuza tsiku lomwelo kuti akudziwa. Lolemba ndinatsegulanso wailesi.

Sizinatenge nthawi yaitali. A Makwinja anandiimbira foni. "Yotamu, ubwere Lachinayi masana ndi makwerero. Tikatsitse eriyo."

"Yavuta chiyani, bambo?"

"Sinavute. Kubwera alendo. Ndikufuna adzapeze ntchito yatha."

Ndinadziwa kuti ndi alendo anji. Ndinapitabe, chifukwa kusapita kukanakhala kudziulula. Ndinamangirira makwerero pa vani, mawailesi ndinabisa pansi pa mpando.

Ndinafika kukuwaza mvula. Grace analipo, anachokera ku Croydon. Grace anakulira kuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi. Anandilonjera bwino, "Ankolo Yotamu," anandifunsa za ana. Iye ankangodziwa kuti bambo ake ali pa mlandu wa wailesi. Ndinakwera. Ndinali nditangomasula bawuti yoyamba pamene galimoto inaima pageti. Munatuluka anthu awiri, bambo ndi mayi, a ofesi ya boma yoyang'anira za mawailesi. Bamboyo anayang'ana kumwamba, anati ndisatsitse chilichonse mpaka iwo aone. Ndinatsika. Mvula inakula, Grace anati ndilowe. Ndinaima pakhomo la chipinda cha wailesi, sipanala ili m'manja.

Bamboyo anafunsa kuti ine ndine ndani. A Makwinja anati, "Mwana wa kutchalitchi. Amandithandiza za padenga."

Anthu aja sanali aukali. Anakhala pansi, anafotokoza pang'onopang'ono. Kolosaini ya a Makwinja yakhala ikumveka pa ripita poyendetsa bizinesi ya magalimoto. A kalabu anajambula mawu, iwonso anamvera okha. Laisensi ya amachuwa siilola bizinesi, ndipo mwini laisensi ndiye amayankha za dzina lake. Mayiyo anatulutsa kamakina, anakaika pa tebulo, anadina.

Abale, simunamve mawu anu enieni mpaka mutawamva m'chipinda cha munthu amene munam'lakwira. Anatuluka aakulu, onyada. Dzina la a Makwinja. Kenako, "Mulenga, amayi awiri pa Fore Street."

Grace anatembenuka. Anandiyang'ana. Mawu anga amawadziwa, takhala tikuimba m'tchalitchi chimodzi.

Bamboyo anafunsa a Makwinja, "Mawu awa ndi anu?"

"Si anga."

"Mukudziwa kuti ndi a ndani?"

A Makwinja anayang'ana zala zawo. Anati, "Laisensi ndi yanga. Ngati pali cholakwa, chili pa laisensi."

Bamboyo anati, "Bambo, mwakhala pa wailesi zaka zonsezi popanda dandaulo. A kalabu amakunenerani zabwino. Sitikufuna kukulandani. Koma ngati munalola munthu kugwiritsa ntchito dzina lanu, kapena simukufuna kutithandiza, laisensi ikhoza kupita. Tipatseni dzina basi."

Mvula pa windo. Mayiyo anadinanso. Ndinamva Mulenga akufunsa funso lake lija, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera. Chinabwera. Nkhalamba. Makutu ogontha. Bokosi. Kenako kuseka kwathu, kwautali, kwa anthu awiri okhuta.

Mayiyo anaimitsa. Iye sankamva Chichewa. Anafunsa a Makwinja mwaulemu, "Apa akuti chiyani?"

A Makwinja anakweza mutu. Anati, "Akukambirana za munthu wina wokalamba. Si za ntchito. Mukhoza kupitirira."

Grace anaimirira, mpando unagwa. Anati, "Dadi!" Chala chake chinayamba kukwera kuloza kumene ndinali. A Makwinja sanakweze mawu. Anayankhula m'Chichewa kuti alendo asamve.

"Grace, khala pansi. M'nyumba muno sitipereka dzina la munthu kwa boma. Bambo ako aang'ono anapita chifukwa wina anapereka dzina. Ine sindichita zimenezo, ngakhale kwa galu."

Grace anakhala pansi akulira. A Makwinja anagwira tebulo, anadzuka ndi maondo awo aja. Zinawatengera nthawi. Palibe anawathandiza, nkhope yawo inatiletsa. Anafika pakhoma, anatambasula manja, anachotsa galasi lija pa msomali. Pamene linali panatsala kachigawo koyera, khoma lonse linali litada ndi zaka. Anapukuta fumbi ndi mkono wa juzi. Analitambasulira kwa bambo uja.

Kumbuyo kwanga chitseko chinali chotsegula. Vani inali panja. Ndikanatha kunena kuti ndikukachotsa makwerero, n'kupita. Munthu uyu sakanandiulula mpaka kumanda. Ndinaganiza za mapepala anga okhalira m'dziko muno, amene anali asanakhazikike. Ndinaganiza za ntchito ya mayi a Tadala. Za ana kusukulu. Ndinaganiza zonsezo, ndipo phazi langa linabwerera kumbuyo sitepe imodzi. Ndikunena zoona. Linabwerera.

Ena pochitira umboni amati anamva mawu ochokera kumwamba. Ine sindinamve. Ndinamva mawu anga omwe, akunena za bokosi. Ndiye ndinaona munthu amene ndinam'konzera bokosilo akupereka zonse zimene anali nazo kuti ine ndikagone kwanga. Mulungu sanafunike kuonjezera kanthu.

Sipanala inagwa pansi. Onse anacheuka. Ndi Chingerezi changa chothyokathyoka ndinati, "Mawuwo ndi anga. Iwo sanandipatse. Ndinatenga ndekha. Mawailesi ali mu vani, pansi pa mpando."

A Makwinja anandiyang'ana ndi ukali umene ndinali ndisanauonepo. "Iwe, wakufunsa ndani?"

"Palibe, bambo."

Anaima choncho, galasi lili m'manja. Kenako anakhala pampando mwamphamvu ngati wina wawadula miyendo. Anati, "Ndinakudikira kuyambira nyengo yozizira. Loweruka lililonse ndinkati lero anena. Iwe n'kumafunsa shuga."

Ndinagwada. Munthu wamkulu, wa ana atatu, pamaso pa azungu awiri. Anati, "Dzuka. Si kwathu kuno, uwasokoneza alendo."

Bambo wa boma anandichenjeza kuti zonse zimene ndinene zikhoza kukafika kukhoti. Ndinati ndamva. Ndinawatengera ku vani, ndinatulutsa mawailesi. Anandiuza kuti anali atayamba kale kutsatira kumene mawu ankachokera, ndipo akanandipeza. Ali ndi zida zake. Amene mukuganiza kuti m'galimoto yoyenda simungapezeke, mwamva.

Zotsatira zake zinali zowawa, ndipo zinandiyenera. Anandiitana ku ofesi, anandifunsa mafunso makina akujambula. Ndinauza Mulenga ndi mnzake kuti apereke mawailesi awo. Mulenga anati, "Ba Yotamu, munatinama," n'kupita kukagwira ntchito kwina. Ananena zoona. Ndinakaima kukhoti la majisitireti pa mlandu wogwiritsa ntchito wailesi popanda laisensi. Ndinavomera. Anandilipitsa chindapusa, mawailesi onse analanda. Dzina langa lenileni, limene ndinkalibisa kumbuyo kwa la munthu wina, linalowa m'mabuku a khoti. Pokonza mapepala okhalira tinayenera kulemba za mlanduwo, ndipo tinakhala miyezi mitima ili m'mwamba.

Nkhani inafika kuno isanakwane sabata. Amayi anasiya kukwera vani yanga. Si chifukwa cha khoti. Anamva kuti mayina awo, nyumba zawo, nthawi imene amachoka n'kusiya nyumba yopanda munthu, zonse ndinkaziulutsa kwa aliyense wokhala ndi wailesi. Mayi wina anandiimitsa pakhomo apo, anati, "Achimwene, tinkakukhulupirirani." Mayi a Tadala anasiya kuimba kwaya kwa kanthawi, manyazi. Kunyumba sanandikalipire. Anangoti, "Ndinafunsa." Kukalipa kukanapepuka.

A Makwinja anapatsidwa chenjezo chifukwa ankadziwa koma sananene. Laisensi anawasiyira. Galasi linabwerera pa msomali wake, Grace ndiye anapachika. Koma ine pakhomo pawo ananditsekera. Eriyo inakhala choncho, bawuti imodzi yomasuka. M'tchalitchi ankandipatsa moni wa dzanja, osandiyang'ana. Grace sankandipatsa n'komwe.

Tsopano mmene ndinadzukira. Panalibe chozizwitsa.

Ndinayambiranso ndi vani imodzi, ndekha, ndi foni ya m'makutu yosagwira m'manja. Amayi ochepa anabwerera, ena sanabwerere mpaka lero. Ntchito itayambanso kuyenda ndinapita kukafunsa za wailesi ya bizinesi. Abale, ilipo. Umapempha ku ofesi yomwe ija, amakupatsa laisensi ya bizinesi ndi malo ako oyankhulira, wogulitsa mawailesi amakutcherera makina pamalo amenewo. Mayi a Tadala anandithandiza kudzaza mapepala pa tebulo la kukhitchini. Mtengo wake unandichititsa manyazi, chifukwa unali wochepa kuyerekeza ndi zimene ndinataya. Palinso timawailesi tating'ono togulitsidwa m'masitolo, tosafuna laisensi. Timeneto mukhoza kugwirira ntchito, koma sitifika patali, n'tothandiza pa malo amodzi, monga amene mumagwira zomangamanga kapena zaulonda. Chimene simungachite ndi kutenga wailesi ya amachuwa n'kuyendetsera bizinesi. Ngakhale mutakhala ndi laisensi ya amachuwa yanuyanu, simungatero. Ngakhale m'Chichewa. Ngakhale m'Chitumbuka, a Gondwe, ndakuonani mukumwetulira.

Chovuta kwambiri chinali kupita ku kalabu. Palibe anandituma. Amakumana m'kaholo kena, azungu achikulire ndi makapu a tiyi. Ndinalowa, ndinavula chipewa, ndinati, "Ine ndine wa takisi uja." Ndinapepesa. Ndinati a Makwinja sanalakwe kanthu, dzina lawo ndinaliipitsa ndine. Wina ananyamuka n'kutuluka. Wina, wandevu zoyera, anati, "Ndine ndinakuuza kuti ano si malo a takisi." Ndinati, "Ndikukumbuka, bwana." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Umaidziwa ntchito ya padenga?" Loweruka lotsatira ndinali pamwamba pa nyumba yaitali ija, kunyamula zingwe za ripita imene ndinkaiba.

Ndi wandevu zoyera yemweyo amene anati ndilembe mayeso a laisensi yoyambira. Ndinaseka. Ine wa Sitandade 6? Anati mafunso ndi osankha, ndipo adzandiphunzitsa. Mwana wanga Tadala ankandiwerengera buku madzulo, n'kumandiseka katchulidwe. Ulendo woyamba ndinalephera. Wachiwiri ndinakhoza. Kolosaini inabwera, yangayanga. Ndinaiwerenga mobwerezabwereza mpaka mayi a Tadala anati, "Zakwana, si vesi."

Lamlungu lina masana, titaweruka kuno, ndinakhala m'chipinda ndi kawailesi kololedwa. Ndinatsegula ripita. Ndinatchula dzina langa la pa wailesi, ndinati ndikumvera. Palibe anayankha. Ndinatchulanso. Ndinali pafupi kutseka pamene ndinamva kolosaini ija imene ndinkaitchula m'mawa uliwonse. Tsopano inatuluka m'kamwa mwa mwini wake, pang'onopang'ono, chilembo chilichonse pachokha. Ndinazindikira kuti ine ndinkaitchula ngati munthu wothawa.

Atamaliza za Chingerezi anati m'Chichewa, "Akuyankhula ndani?"

"Ndine Yotamu, bambo."

"Ndafunsa dzina la pa wailesi."

Ndinalitchula.

"Limenelo ndi la ndani?"

"Langa, bambo."

"Unapempha kwa ndani?"

"Ndinalemba mayeso."

Panapita kanthawi, wailesi ikungoti waa. Ndinaganiza kuti atseka. Kenako anati, "Makutu anga ogonthawa akukumva bwinobwino." Ndinagwira kumaso. Ndinalephera kudina batani. Iwo anapitiriza. "Eriyo inapendekeka. Wina anamasula bawuti n'kuisiya. Ubwere Loweruka ndi makwerero."

Ndinati, "Bambo, kuitana munthu ku ntchito pa wailesi ino, si bizinesi imeneyo?"

Anati, "Ikanakhala bizinesi ndikanati ndikulipira. Sindikulipira."

Ndinapita. Bawuti ndinamanga. Tiyi anandiphikira, shuga anaika pafupi ndi ine ndisanafunse.

Ndathera pamenepa. Mbale wanga wa wailesi ija, vani yanga ndi yoyera, ili pafupi ndi geti. Tikatuluka ndikhala momwemo pang'ono. Ukabwera tipita limodzi kukafunsa za laisensi, ndipo dzina lako sindidzalipereka kwa munthu. Ulipereke wekha. Amen.